Kabokosi ka OpenBSD ka kunsi kwa tebulo: ndiike mapatch onse kapena a security okha?

wa_ku_Area25:

Akuluakulu, paja amati safunsa anadya phula, ndiye ndabwera kudzafunsa ndisanaononge zinthu za eni ake.

Ndimagwira ntchito pa kakampani kena kosindikiza mabuku a malisiti, makalendala ndi makadi a ukwati ku Old Town, chakufupi ndi Malangalanga. Ntchito imene anandilembera ndi ya pa makina osindikizira, koma poti ndimadziwako za kompyuta, chilichonse chokhala ndi waya chikavuta amaitana ine. Ngakhale ketulo ya tiyi.

Kunsi kwa tebulo la amayi a ku akaunti kuli kompyuta yakale ya Dell, yopanda sikirini, yopanda kiyibodi, yangoti mbuu ndi fumbi. Kumbuyo kwake kuli mawaya awiri a netiweki, wina wochokera ku rauta ya otigulitsa intaneti, wina wopita ku switch. Makompyuta athu onse 9 ndi Wi-Fi zimadutsira mmenemo. Anaiika ndi mnyamata wina amene ankatithandiza za netiweki, pano ali ku Joni ndipo nambala yake siikupezekanso. Tsiku lotsanzika anangoloza kabokosiko nkunena kuti tisamakakhudze, nkusiya pasiwedi ya root, akaunti yolamulira zonse pa makinawo, pa kapepala mu envulopu.

Loweruka lapitali chidwi chinandigwira, ndinalumikiza sikirini. Ndinkayembekeza Ubuntu, koma ndinapeza OpenBSD 7.4, sisitimu ina yoyendetsa kompyuta monga Windows, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Nditafufuza ndinapeza mndandanda wa mapatch (zigamba zokonza zolakwika za mu sisitimu) a version imeneyi, 001, 002, kumangotsika, ena alemba SECURITY FIX, ena RELIABILITY FIX. Ndinalemba syspatch -l (syspatch ndi pulogalamu yoikira mapatch) kuti ndione amene anaikidwa kale. Sipanatuluke kanthu. Ndiye kuti chiikire, kabokosi aka sikanalandirepo patch ngakhale imodzi.

Maganizo anga ndi oti ndiike a security okha. A reliability ndi a chiyani poti makinawo sanativutepo? Ndikuopanso kuti china chikalakwika, Lolemba abwana adzapeza intaneti palibe, makasitomala amatumiza ntchito pa WhatsApp ndi imelo, ndipo aliyense adzadziwa amene anakhudza. Zimatheka kusankha choncho? Kapena ndingotseka, ndibwezere envulopu mu dirowa?

madala_a_seva:

Mphwanga, mwachita bwino kufunsa. Ine ndili ku Area 47 ndipo zinthu zimenezi ndinayamba kuzigwira kusanabwere syspatch. Inabwera ndi version 6.1 mu 2017. Kale patch ikatuluka tinkatenga source, nkumanga tokha, nkumadikira makina atope. Inu mwapeza dziko litafewa.

Kusankha sikutheka. Mapatch a syspatch amasanjikizana, wachisanu amadalira kuti anayi aja alipo kale, ndiye mukalemba syspatch imaika onse motsatana. Ndipo ngakhale zikanatheka, sindikanakulangizani. SECURITY FIX ndi bowo loti munthu wakunja angalowerepo, kapena wamkati angadzikwezerepo udindo nkufika pa root. RELIABILITY FIX ndi cholakwika choti makina angaime, angagwe, kapena pulogalamu ingachite zosayenera. Koma malire ake ndi opyapyala. Ngati kernel, mtima wa sisitimu, imagwa ikalandira paketi ya data yopindika mwanjira inayake, munthu akhoza kumakutumizirani paketiyo dala tsiku lonse. Sanakubereni kanthu, koma ofesi yaima. Kwa abwana anu kusiyana kuli pati? Chubu cha njinga sitifunsa kuti chabooka ndi munga kapena changotha, timamata chigamba basi.

Za mantha anu. Mapatch amenewa ndi aang'ono, sangakutherani bandulo. Amabwera atasainidwa ndi pulogalamu ya signify, ndipo syspatch ikaona kuti siginecha siikugwirizana imakana kuika. Isanasinthe fayilo imasunga yakale mu /var/syspatch, moti patch yomaliza ikakuvutani mumalemba syspatch -r nkubwerera. Ikakhudza kernel imakuuzani kuti muchite reboot.

Koma vuto lanu lenileni si limene mwafunsali ayi. OpenBSD imatuluka kawiri pachaka, ndipo mapatch amawapangira maversion awiri okha omaliza. 7.4 yanuyo inatuluka mu Okutobala 2023, ndipo 7.6 itangotuluka mu Okutobala 2024 anasiya kuisamala. Mndandanda mwauonawo unathera pomwepo. Mabowo amene apezeka kuchokera nthawi imeneyo palibe akukumatirani. Mutaika onse a 7.4 lero, mudzakhalabe ndi chubu chakutha.

Njira zilipo ziwiri. Pali sysupgrade, imene imakukwezani, koma muzikwera sitepe imodzi imodzi, 7.5, kenako 7.6, mpaka mufike, ndipo pa sitepe iliyonse muwerenge malangizo ake okwezera. Ma mirror ambiri, maseva otsitsirako OpenBSD, amachotsa maversion akale, ndiye mwina muyenera kusintha adiresi ya mu /etc/installurl. Ine ndikanakhala inu sindikanatero. Pa kampani yotero sipalephera kukhala kompyuta ina yakale ku sitolo. Ipukuteni, ionjezereni kadi yachiwiri ya netiweki, muikemo version yatsopano kuyambira pachiyambi, muchite syspatch, kenako mukopere mafayilo a kabokosi kakaleko: /etc/pf.conf, /etc/dhcpd.conf, ndi onse oyamba ndi hostname. Musanayatse malamulo a firewall (a mu pf.conf, onena zololedwa kulowa ndi kutuluka pa netiweki) lembani pfctl -nf /etc/pf.conf, imangoyesa osasintha kanthu. Zikakhala bwino musamutse mawaya awiri aja. Zikakanika, mawaya abwerere kwawo, palibe amene adzadziwe.

mlongo_wa_ku_Kawale:

Achimwene, za OpenBSD madala anena kale, ine ndimasamala maseva a Debian ndi Ubuntu pa bungwe lina ku City Centre. Ndikufuna ndinene za manthawo, chifukwa ndinawalipira.

Chaka changa choyamba pantchito ndinayamba ma update pa seva ya mafayilo Lachisanu cha m'ma 4 koloko, ndili ndi chikwama paphewa, kuganiza kuti ndi za mphindi khumi. Ili mkati moika kernel, magetsi thii. UPS inalira kawiri nkuzima, mabatire ake anali atafa kalekale osadziwika. Jenereta inalibe mafuta, inali nthawi ija ya mizere pa mafilingi. Magetsi atabwera seva inakana kudzuka. Loweruka lonse ndinali mu ofesi ndekha ndi alonda, ndikudya mandasi, kuidzutsa ndi fulashi. Koma taonani, patch inalibe mlandu. Wolakwa ndinali ine ndi nthawi imene ndinasankha.

Chiyambire pamenepo sindiika kanthu Lachisanu, kapena kumapeto kwa mwezi a ku akaunti akukonza malipiro. Ndimayamba ndazula pulagi ya UPS kukhoma kuti ndione ngati ikugwiradi, osangokhulupirira kanyali kobiriwira. Ndipo ndimakopera kaye /etc yonse pa fulashi.

Chimene anthu ambiri sachiona ndi ichi. Tsiku limene patch yatuluka ndi tsiku lomwelo limene dziko lonse lauzidwa pamene pali bowo. Pa open source aliyense akhoza kuwerenga mizere imene yasinthidwa, wabwino ndi woipa yemwe. Ndiye amene wachedwa kuika ali pangozi kuposa mmene analili dzulo lake. Bowo la Heartbleed la mu OpenSSL, pulogalamu yobisa zotumizidwa pa intaneti, litaululika mu Epulo 2014 anthu anayamba kuyesa maseva masiku omwewo, ndipo a OpenBSD anu omwewa ndi amene anapatuka nkuyambitsa yawo yolowa m'malo mwake, LibreSSL, chaka chomwecho. Vairasi ya WannaCry ndi ya Windows, koma nkhani yake ndi imodzimodzi: patch inatuluka mu Malichi 2017, chipwirikiti chinabuka mu Meyi, ndipo zipatala za ku Britain zinavutika chifukwa makina ambiri anali asanailandire. Mu Julayi 2024 a Qualys ataulula bowo lija analitcha regreSSHion la mu OpenSSH, pulogalamu yolowera mu makina uli kutali, ine ndinaika patch tsiku lomwelo, ngakhale linali Lolemba lotanganidwa. Limenelo OpenBSD silinaikhudze, madala asekerere.

Mwina mukuti kakampani ka makadi a ukwati ndani angakafune. Palibe munthu amakhala pansi nkusankha inu. Ndi mapulogalamu amene amangoyenda pa intaneti usana ndi usiku kugogoda khomo lililonse. Tsegulani /var/log/authlog pa kabokosiko. Ngati mnzanu uja anasiya SSH yotsegula kunja kuti azilowa ali kwawo, muona nokha.

China, musachite mobisa. Auzeni abwana kuti kabokosi kakufunika sevisi ngati galimoto, muwapemphe Loweruka masana. Zikavuta atavomera okha ndi nkhani ina, zikavuta mwakhudza mwakabisira ndi nkhani inanso.

kabaza_wa_netiweki:

Aise, ine ndinena zimene enawa sakufuna kunena. Mu Lilongwe muno anthu odziwa OpenBSD mungawakweze mu minibasi imodzi mipando nkutsala. Mnzako uja wakusiyira mtolo, iwenso ukufuna udzasiyire wina mtolo womwewo? Uzani abwana agule karauta ka MikroTik, mamenyu ake ndi ongodina, sikadya magetsi, kabatire kakang'ono kamakayendetsa maola. Chidell chimenecho chikungotha mayunitsi. Ukadwala mawa, mnyamata aliyense wa netiweki m'tauni muno akhoza kukakonza.

madala_a_seva:

A kabaza, za magetsi mwanena zoona, za anthu odziwanso sindikutsutsani. Koma musamunamize mwanayu kuti akagula karauta wathana ndi mapatch. Mu 2018 munapezeka bowo mu Winbox, njira yoyendetsera marauta a MikroTik, kampani inatulutsa patch mu Epulo, koma marauta ankhaninkhani amene eni ake sanaiike analowedwa miyezi yotsatira. Inenso ndili nako kamodzi kunyumba, ndipo ndimakakweza ngati china chilichonse. Chimene chinalakwika pa ofesi ya mphwangayu si mtundu wa makina, koma mawu aja oti musamakakhudze.

Mphwanga, mukasankha kukhalabe pa OpenBSD, gulani kope la hadikava. Lembanimo kuti waya uti ukupita kuti, fayilo iti imachita chiyani, tsiku limene mwachita syspatch ndi zimene inanena. Ngati muli mapulogalamu oonjezera, amenewo syspatch siiwakhudza, amafuna pkg_add -u. Kopelo lizikhala mu dirowa ya abwana, osati m'chikwama chanu.

wa_ku_Area25:

Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti.

Achemwali, authlog ija ndinaitsegula Lachitatu. Ndinachita kukhala pansi. Mizere yosatha, Failed password for root, Invalid user admin, Invalid user oracle, maadiresi osiyanasiyana, ena 2 koloko usiku tonse tili mtulo. Ndinawaitana abwana kuti aone okha. Anayang'ana kanthawi, nkufunsa ngati anthuwo akudziwa kuti mu akaunti ya kampani mulibe ndalama. Koma Loweruka anandipatsa, ndi ndalama ya kadi ya netiweki.

Ku sitolo ndinapeza HP yakale imene tinkalembera ma invoice. Kuika OpenBSD kunandidabwitsa, mafunso ochepa, ambiri kungodina Enter. Ndinachita syspatch, inaika mapatch ake motsatana, nkundiuza kuti ndichite reboot. UPS ndinaiyesa monga munanenera, inagwira mphindi zokwana kuwiritsa tiyi.

Kenako mavuto. Nditalemba pfctl -nf sinadandaule kwenikweni, koma nditasamutsa mawaya palibe chinayenda. Ndinatuluka thukuta. Nditalemba ifconfig ndinaona kuti pa Dell makadi onse awiri anali em0 ndi em1, pomwe kadi imene ndinagula ikutchedwa re0. Kani dzina limatengera mtundu wa kadi. Ndinasintha dzina la hostname.em1 kukhala hostname.re0, nkukonzanso mu pf.conf. Makompyuta anali asakulandirabe maadiresi, mpaka ndinazindikira kuti dhcpd, imene imagawa maadiresiwo, siidziyatsa yokha, imafuna rcctl enable dhcpd. Atalandira maadiresi, intaneti osatulukabe. Apa ndinatsala pang'ono kubwezera mawaya. Ndinalumikizanso sikirini ku Dell, nkumayang'ana mu /etc fayilo ndi fayilo, mpaka ndinapeza sysctl.conf ili ndi mzere umodzi wokha, net.inet.ip.forwarding=1, umene umalola kuti data idutse kuchoka pa kadi ina kupita pa inzake. Madala, imeneyo simunaitchule! Nditaikopera nkuchita reboot, foni ya alonda inayamba kulira mameseji a WhatsApp panja.

SSH ndaitseka kunja, ikungolola a mkati mwa ofesi. Hadikava ndagula, masamba atatu adzaza kale. Dell ndaisiya pomwepo kunsi kwa tebulo, yozimitsa, kuti mwina. Amayi a ku akaunti afunsa Lolemba ngati angaichotse poti imawapweteka mawondo, ndawauza adikire mwezi uthe.

A kabaza, za MikroTik abwana ati tidzaona bajeti ya chaka chamawa. Funso lina: syspatch ndiziichita kangati, ndipo pali njira yoti kabokosi kazindiuza kokha patch ikatuluka, osadikira kuti ndikumbukire?