Fyuluta yochapa ija, imawonjezeradi mphamvu ya injini?

Mpondamoto:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi galimoto ya petulo, injini ya 1.5, yosasinthidwa kalikonse. Ikadzaza anthu n'kufika pachitunda imalemedwa, ndimachita kubwerera mugiya yachiwiri. Mnzanga anachotsa fyuluta ya mpweya ya pepala n'kuikamo yochapa, ija ya nsalu ya thonje yopaka oyilo wofiira, ya kampani ya K&N. Akuti galimoto yake tsopano imadzuka msanga. Ndakwerapo, ndipo kaliridwe kake kasinthadi, akaponda imalira mwaukali. Fyuluta yanga yatsala pang'ono kusinthidwa. Ndisanagule ndikufuna ndidziwe: mphamvu imawonjezekadi? Nanga mafuta imasunga? Misewu yambiri imene ndimayenda ndi yafumbi.

Spanala17:
Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Mphamvu imawonjezeka, koma pang'ono kwambiri moti phazi lanu silingazindikire.

Injini ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Ndiye amene amati mpweya ukachuluka mphamvu imachulukanso sakunama. Funso ndi lakuti, kodi chimene chikutchinga mpweya pa injini yanu ndi fyuluta? Mukamayenda bwinobwino, chimene chimatchinga ndi kachitseko ka throttle, kamene mumakatsegula ndi phazi lanu. Mukaponda pang'ono kamatseguka pang'ono. Ngakhale mutachotseratu fyuluta, mpweya wolowa ukhala womwewo umene kachitsekoko kalola. Fyuluta imayamba kuwerengedwa pokhapokha mwaponda mpaka pansi ndipo singano ya rev ili kumtunda.

Ndiye pamenepo tiwerenge. Mpweya wotizungulirawu umakankha ndi mphamvu pafupifupi 101 kPa m'mbali mwa nyanja yaikulu. Fyuluta ikadya 1 kPa, injini yataya pafupifupi 1 peresenti ya mpweya. Pa injini ya 100 horsepower imeneyo ndi horsepower imodzi. Fyuluta ya pepala yatsopano imatchinga zochepa kale, chifukwa opanga galimoto anaipinda mapindemapinde kuti ikhale ndi malo aakulu odutsira mpweya. Yochapayo singakubwezereni zoposa zimene ya pepalayo inkadya. Horsepower imodzi kapena ziwiri sizingakukwezeni chitunda ndi giya yachitatu.

Za mnzanuyo, mufunseni kuti fyuluta imene anachotsayo inali yotani. Ndimaziona kawirikawiri: munthu amachotsa ya pepala yakuda bii, yoti ukaigogoda pansi dothi limachita mulu, n'kuika yochapa yatsopano. Galimoto imadzukadi. Koma akanaika ya pepala yatsopano ikanadzukanso chimodzimodzi. Kwinako ndi phokoso. Khutu likamva injini ikubangula, mtima umati liwiro lawonjezeka.

Za mafuta, mu 2009 a Oak Ridge National Laboratory ku America anayesa nkhani imeneyi. Anatseka dala mafyuluta a magalimoto a fuel injection, amene petulo wake amaperekedwa ndi kompyuta, n'kupeza kuti kamwedwe ka mafuta sikanasinthe kwenikweni, chimene chinatsika ndi kadzukidwe ka galimoto. Chifukwa chake, kompyuta imayeza mpweya wolowa n'kupereka petulo wolingana nawo. Galimoto imene inamwa mafuta ambiri fyuluta itatsekeka inali ya kabuleta, yopanda kompyuta, ya 1972. Ngati yotsekeka siwonjezera mafuta pa galimoto yamakono, yotseguka kwambiri singawachepetse.

Mayi Dalaivala:
A Spanala17 anena zoona, koma ine ndimagwiritsa ntchito yochapa ndipo sindikuisiya. Sindinaigulire mphamvu ayi. Ndimayenda maulendo ataliatali pa phula, ndipo ndinatopa n'kugula fyuluta n'kumataya. Opanga ankati pa msewu wabwino imatha kufika mamailosi 50,000, pafupifupi makilomita 80,000, isanafune kuchapa. Kwa munthu wosunga galimoto imodzi zaka zambiri, zimenezo n'zopindulitsa.

Koma imafuna munthu wodekha. Mumaipopera mankhwala ake ochapira, n'kudikira pang'ono dothi lifewe. Potsukuluza, madzi azichokera mbali yoyera kupita mbali yakuda, kuti dothi lituluke m'malo molowerera mkati. Madziwo akhale a pampopi wamba, osati a makina otsukira galimoto, ndipo musaiuzire ndi kompuresa chifukwa nsalu imabooka. Iume yokha, osaiyandikiza pamoto. Ikauma ndiye mupake oyilo wake, mzere umodzi pa pinde lililonse, n'kumusiya afalikire yekha mpaka nsalu yonse ifiire mofanana. Oyilo wa injini sapakidwa pamenepo.

Apa ndiye ambiri amalakwitsa. Akathira oyilo wambiri, timadontho timauluka ndi mpweya n'kukamata pa kawaya ka sensa ya MAF yoyeza mpweya wolowa, kamene kali kuseri kwa fyuluta. Kawayako kakada, kompyuta imalandira uthenga wolakwika, injini imayamba kunjenjemera ikaima ndipo nyali ya check engine imayaka. Akathira wochepa, fumbi limadutsa, chifukwa pa fyuluta imeneyi chimene chimagwira fumbi kwenikweni ndi oyiloyo.

Wadizilo:
A Mpondamoto, ine ndaima pa mawu anu omaliza aja, akuti misewu yanu ndi yafumbi. Pamenepo ndiye pagona nkhani. Kuti mpweya udutse mosavuta pa fyuluta ya kukula komweko, timabowo timayenera kukhala totakasuka, ndipo fumbi losalala kwambiri limapeza njira. Fumbi la mumsewu lili ndi timchenga tolimba kuposa chitsulo cha mu silinda. Tikalowa timasakanikirana ndi oyilo, n'kumapala maring'i ndi makoma a silinda ngati sandipepa. Simungazione mwezi uno kapena chaka chino. Mudzangodabwa injini yayamba kumwa oyilo ndi kutulutsa utsi wabuluu nthawi yake isanakwane. Taonani mathirakitala ndi malole akuluakulu ogwira ntchito m'fumbi: ambiri ali ndi fyuluta ya pepala, ndipo ena ali ndi ziwiri, ina mkati mwa inzake. Pali muyezo wa ISO 5011 woyesera mafyuluta. Wogulitsa akakuuzani za kuchuluka kwa mpweya wodutsa, mufunseninso kuti pa muyezo umenewo fyulutayo imagwira fumbi lochuluka bwanji.

Mpondamoto:
Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Funso lina limodzi: nanga ija yozungulira ngati chitini, imene amachotsa bokosi lonse n'kuimangirira pa paipi? Mnzanga yemweyo akuti ndiye yamphamvu zenizeni.

Spanala17:
Imeneyo ikangokhala poyera pansi pa boneti, kawirikawiri imakuchotserani mphamvu. Bokosi limene munagula nalo galimoto limakoka mpweya wozizira kuchokera kutsogolo kapena m'mbali. Yozungulirayo imakoka wotentha wochokera pa injini ndi pa rediyeta, ndipo mpweya ukatentha umapepuka: madigiri 3 a Celsius aliwonse mumataya pafupifupi 1 peresenti. Pansi pa boneti pakatentha ndi madigiri 20 kuposa kunja, mwataya zoposa zimene fyulutayo yakupatsani. Imathandiza pa injini yosinthidwa, ya turbo yaikulu ndi kompyuta yokonzedwanso, ndipo ngakhale pamenepo amaitchingira kutentha.

Pa yanuyo, achimwene, ikani ya pepala yabwino ndipo muonetsetse kuti labala wa m'mbali wakhala bwino, timakilipu tonse ta bokosi tatsekeka. Pisani chala m'paipi ya kuseri kwa fyuluta: mukapeza fumbi, pali pamene pakulowa mpweya wosasefedwa. Ikapitiriza kulemedwa pachitunda, muonetse mapulagi, fyuluta ya mafuta ndi kompuresheni, ndiponso ngati mabuleki sakugwira okha.