Stir-fry ya nkhuku ikungosanduka msuzi, ndithandizeni anzanga

Nabanda (Kasungu boma):
Abale anzanga ophika ndithandizeni msanga. Loweruka likubwerali ndili ndi oda ya anthu 25 a wekishopu, amene akukonza zinthuzo anena kuti anthu awo atopa ndi nkhuku ya tchipisi akufuna stir-fry, kutanthauza nkhuku ndi masamba zokazinga mofulumira uku ukutakasa, zodyera mpunga. Ine ndinavomera chifukwa ndalama yake ndiyabwino koma dzulo ndinayesera kunyumba nde zinakanika zedi, madzi anangodzaza mupoto ngati ndikuphika supu, nkhuku inauma ngati chikopa, kabichi ndi girini pepa zinangolobodoka mtundu wonse kuchoka. Ndinaphikira pa hotipuleti mu poto yanga ya aluminiyamu, nkhuku kilo imodzi, ndinathira zonse pamodzi ndi tomato awiri. Ndalakwitsa pati?

aPhiri (Mchinji):
Alongo vuto lalikulu ndi moto ndi kuchulutsa. Chakudya chimenechi ndi cha ku China ndipo kwawoko amaphikira mu wok, chipoto chachitsulo chozama pakati, pa moto waukali kwambiri moti nyama imapsa pamwamba madzi asanatuluke. Inu mwathira kilo yonse mu poto yopyapyala pa hotipuleti, potoyo inazizira pompo nde nkhuku inayamba kuwira m'madzi ake omwe. Musavutike kufunafuna wok, ife tili ndi chiwaya. Ine kuno ndimagwiritsa chiwaya chomwe chija cha tchipisi pa mbaula ya makala ndipo madalaivala odutsa pa boda ya Mwami amadya osadandaula. Kolezani makala afiire bwinobwino, chiwaya chitenthe mpaka dontho la madzi lizidumpha, kenako mafuta masupuni awiri basi. Nkhuku muziika pang'onopang'ono, magalamu 300 kapena 400 nthawi imodzi, muiyale isaunjikane, muisiye kaye mphindi imodzi osaitakasa igwire mtundu. Tomato mumuiwale, ameneyo ndi wa ndiwo za nsima.

Nabanda:
Zikomo achimwene, chiwaya ndili nacho. Koma anthu 25 ndiziphika pang'onopang'ono choncho sinditha tsiku lonse eti?

aPhiri:
Ayi ndithu, ulendo umodzi wa nyama ndi mphindi 3 kapena 4 basi. Ntchito yeniyeni ndi yodula, imeneyo muchitiretu m'mawa.

Nangozo (Mtunthama):
Asisi ndifunse kaye, nkhukuyo inali yalokolo kapena broila, nanga inachokera mufiriji? Chifukwa yalokolo pa stir-fry musayese, imeneija imafuna kuwira nthawi yaitali kuti ifewe. Tengani broila, muchotse mnofu wa pa chidale ndi wa ntchafu, ine ndimakonda ntchafu chifukwa siiuma msanga ngakhale utachedwako pang'ono kuphula. Mafupa musataye muwiritse apatse msuzi wothira mu sosi. Ikakhala ya mufiriji muisungunule yonse, madzi akhe, muipukute ndi kansalu koyera iume, madzi ambiri amene munawaona aja anachokera mmenemo. Podula muzidula mopingasa mitsempha ya nyama, timagawo topyapyala tofanana kukula.

Nde pali kachinsinsi kamene ndinaphunzira kwa shefu wina amene ndinkagwira naye ntchito ku Lilongwe, soda yemweyu timathira mu therere. Pa theka la kilo ya chidale thirani theka la tiyisupuni ya soda, sakanizani, musiye mphindi 15 mpaka 20 kenako mutsuke bwinobwino ndi kupukuta. Nyama imafewa modabwitsa. Koma chonde musachulutse ndipo musaiwale kutsuka, apo ayi imamveka ngati sopo mkamwa. Mukatero muiviike mu soya sosi, adyo, jinja ndi supuni imodzi ya cornflour, ufa wosalala wa sitachi ya chimanga, ufa umenewu umakuta nyama kuti madzi ake asathawe.

Nabanda:
Inali broila ya mufiriji ndipo ndinangoitsuka ndikudula osapukuta. Soya sosi ndili ndi botolo limodzi laling'ono, cornflour nde ndilibe.

Achisale (Kamwendo):
Mayi, cornflour akasowa ufa wa chinangwa wosefa bwino umagwira ntchito yomweyo, ine ndayesapo kangapo, umalimbitsa sosi komanso umaichititsa kuwala. Ufa woyera wa nsima ayi, umachita phala. Za soya sosi botolo limodzi lisakudetseni nkhawa kwambiri, pa kilo iliyonse ya nyama masupuni 4 kapena 5 akwana mukasakaniza ndi msuzi wa mafupa uja, kashuga pang'ono, madzi a mandimu ndi ufa uja kuti mupange sosi. Ingokumbukirani kuti soya sosi ali kale ndi mchere wambiri, nde mchere muthire kumapeto mutalawa, ambiri amaononga chakudya pamenepa.

Nangozo:
Masamba asalowe nthawi imodzi asisi. Nyama ikapsa muiphule muiike pambali. Muyambe ndi zolimba, karoti wodula mopyapyala ndi zitheba, mphindi 2, kenako anyezi ndi girini pepa, kumapeto kabichi kapena chainizi kamphindi kamodzi kokha, azichita khwakhwa pomutafuna. Adyo ndi jinja musaike pa chiwaya chopanda kanthu nthawi yaitali, amapserera msanga ndikuwawa. Masamba mukatsuka muwayanike pa lichero akhe madzi. Kenako bwezerani nyama, takasani sosi chifukwa ufa umakhala pansi, thirani m'mbali mwa chiwaya, ikangolimba phulani.

aPhiri:
Ndionjezepo pa za anthu 25 zija. Karoti ndi zitheba muziviike m'madzi owira mphindi imodzi m'mawa kenako m'madzi ozizira, zimafulumira ndipo mtundu wake umakhalabe. Nyama muikazingiretu yonse m'maulendo angapo itatsala pang'ono nthawi yodya, kenako muzisakaniza za anthu 5 nthawi imodzi. Mukhale ndi mbaula ziwiri ndi mwana wina wopepeza moto, makala akafooka vuto lija libwereranso. Chimene ndimaopa ine pa maoda otere ndi nkhuku yosapsa mkati, dulani kagawo kakakulu muone, pasakhale kufiira paliponse, amene muli ndi themometa ifike madigiri 75. Thabwa lodulira nyama yaiwisi lisakhudze masamba musanalitsuke ndi sopo, ndipo nyama yoviika isakhale padzuwa, kutentha kwa kuno anthu angatsegule m'mimba dzina lanu ndikuonongeka.

Achisale:
Mukamanyamula musavundikire zolimba mu mabaketi nthawi yaitali, nthunzi imafewetsa masamba onse. Ngati malo a wekishopu alola, pitani ndi mbaula muphikire konko. Komanso kuno mtedza sitisowa, kazingani pang'ono muwaze pamwamba, koma mufunsiretu chifukwa alipo ena thupi lawo limadana nawo, bwino muuike m'mbale yakeyake.

Nabanda:
Abale ndayeseranso madzulo ano pa chiwaya ndi makala, theka la kilo m'maulendo awiri, ndinapukuta nyama ndi kuthira soda uja ndi ufa wa chinangwa. Madzi sanatuluke, nkhuku yafewa bwino ana amaliza mbale yonse. Chokhacho adyo anandipserera pang'ono ulendo woyamba, wachiwiri ndinamuthira pamodzi ndi anyezi nde zinayenda. Ndaimbira a wekishopu alola kuti ndiphikire kuseri kwa holo. Achimwene aPhiri, anthu 25 ndigule mnofu wochuluka bwanji?

aPhiri:
Werengerani magalamu 150 pa munthu, nde makilo 4 a mnofu wopanda mafupa akukwanirani. Mukagula zathunthu tengani broila 6 zazikulu, mapiko ndi misana zipite ku msuzi.