Mwana akufuna kukhala loya wa za ntchito, kodi njira imeneyi imafikitsa patali?

NaBanda_Turffontein:
Abale muli ku Joni kuno ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi akulemba matric chaka chino ndipo wakakamira zoti akufuna kudzakhala loya wa za ntchito, ati aziyimira anthu ochotsedwa ntchito popanda chifukwa, kenako tsiku lina adzakhale jaji. Amalume ake akumuuza kuti zimenezo ndi za maloya osauka othamanga ndi mayuniyoni, ndalama zili kwa maloya a makampani, ndipo jaji wamkulu sachokera kumeneko makamaka akakhala mzimayi. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndimagwira mmayadi, ndiye ndimangowayang'ana. Alipo mzimayi amene anayambira kumeneko nkukafika pamwamba?

Aphunzitsi_Akale:
Amayi, amalumewo muwauze akafufuze dzina loti Kate O'Regan. Mayi ameneyu anabadwira ku Liverpool mu 1957 koma anakulira ku Cape Town, malamulo anaphunzira ku yunivesite ya Cape Town (UCT), kenako ku Sydney ndi ku London. Mzaka za ma 1980 amagwira ntchito konkuno ku Johannesburg ku kampani ya maloya ya Bowman Gilfillan, ndipo milandu yake inali yomweyo amalume akuyinyozayo, kuyimira mayuniyoni, antchito, ndi anthu amene boma la tsankho limafuna kuwasamutsa pamalo pawo. Nthawi imeneyo kuyimira yuniyoni ya anthu akuda sinali ntchito yoti munthu akakutamande nayo pa phwando ayi.

Mu 1994 Mandela anamusankha kukhala mmodzi mwa majaji 11 oyamba a Constitutional Court, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ali ndi zaka 37 zokha, azimayi analipo awiri basi, iye ndi Yvonne Mokgoro. Anakhalamo zaka 15 mpaka 2009, kenako ankathandizanso ku Supreme Court ya ku Namibia, pambuyo pake anakatsogolera Bonavero Institute, malo ofufuza za ufulu wa anthu ku yunivesite ya Oxford.

Koma chimene ine ndimamukumbukira nacho ndi mlandu wa Dawood wa mu 2000, chifukwa umatikhudza ife obwera. Lamulo la nthawiyo limati mlendo wokwatirana ndi nzika ya kuno akamadikira mapepala okhazikika akhale ndi pemiti yakanthawi, ndipo wa ku Home Affairs amatha kungokana kuionjezera popanda chomuuza kuti azikana pa zifukwa ziti, ndiye munthu umayenera kusiya mkazi ndi ana nkukadikirira kwanu. Chigamulo analemba ndi iyeyo, anati kulekanitsa banja chonchi nkuphwanya ulemu wa umunthu. Munthu amene wakhalapo pa benchi limodzi ndi wantchito wochotsedwa amadziwa mmene siginecha imodzi ya kalaliki imagwetsera nyumba yonse.

Chimwene_waSoweto:
Aphunzitsi mwamukometsa kwambiri kkkk nenaninso za madzi. Mu 2006 anthu a ku Phiri kuno ku Soweto anapita kukhoti pa mlandu wa Mazibuko kukana mamita a madzi olipiriratu komanso kuti malita 6,000 aulere pamwezi pa nyumba ndi ochepa, poti pa yadi imodzi pamakhala anthu ambirimbiri ndi a mmashaki akuseri omwe. High Court inawapatsa malita 50 pa munthu patsiku, Supreme Court of Appeal inatsitsa kufika 42, koma zitafika kwa mayi wanuyo mu 2009 anagamula mokomera khonsolo, ati si ntchito ya khoti kuuza boma kuchuluka kwa madzi. Anthu kuno mpaka pano amadandaula. Ndiye mwanayo adziwiretu kuti ukavala mkanjo uja suyimiranso osauka, umatsata lamulo mmene ukulionera, ena akalira kunyumba.

Aphunzitsi_Akale:
Zoona achimwene, ndipo majaji onse anagwirizana naye pamenepo, sanali yekha. Inenso chigamulo chimenecho sichindisangalatsa. Koma funso la amayi linali lakuti njirayo imafika kapena ayi, ndipo imafika.

Sisi_Tadala:
Mayi anga ine ndingofunsa chinthu chimodzi chimene onsewa adumpha, mwanayo ali ndi mapepala anji? Chifukwa kuno ukhoza kumaliza digiri ya malamulo ya LLB zaka 4, kupanga ma articles (kuphunzira ntchito pansi pa loya wina), kukhoza mayeso onse, koma lamulo la za maloya la Legal Practice Act limati woti avomerezedwe kukhala loya akhale nzika kapena wa permanent residence. Anthu a ku Lesotho amene anaphunzira konkuno anakatsutsa lamulo limeneli pa mlandu wa Rafoneke ndipo mu 2022 Constitutional Court inati lamulolo lilibe vuto. Ujaji wa ku Constitutional Court ndiye umafuna nzika yeniyeni. Musadzagulitse munda kumudzi kulipira fizi kenako mwana nkumangolemba makalata mu ofesi ya loya wina, yambani kulongosola zimenezi panopa akadali wamng'ono. Apo ayi kwathunso njira ilipo, Anastasia Msosa uja anakhala Chief Justice wa Malawi mu 2013 ndipo tili ndi Industrial Relations Court imene imaona milandu ya ntchito yomweyi.

Bambo_aJunior:
Ine za majaji sindidziwa koma zoti loya wa za ntchito ndi wopanda phindu amalumewo anama. Ndinkagwira ku malo ena otsuka magalimoto, bwana anangondiuza Lachisanu madzulo kuti Lolemba usabwere, ndalama ya notisi ayi, ya liivu ayi, amvekere ukadandaule kwanu ku Malawi. Mtsikana wina wamng'onomng'ono wa ku law clinic, nsapato zake zafumbi ngati zanga, anandilembera fomu ija yodandaulira ya 7.11 nkundiuza kuti ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito, salipiritsa koma usadutse masiku 30, komanso kuti kukhala mlendo sikuchotsa ufulu wako ngati wantchito. Tsiku lokumana bwana uja anabwera atavala jekete, kumanditchula Mister. Tinagwirizana pomwepo, ndalamayo ndinalipira lendi ya miyezi iwiri. Mwanayo musiyeni, tikufuna wina woti tizikamufotokozera mChichewa.

NaBanda_Turffontein:
Zikomo nonse, Sisi Tadala mwandidzidzimutsa. Mwanayu anabadwira ku Zomba, ali pa study permit, bambo ake ndi amene ali ndi permanent residence koma sitinamulembetsepo. Ndiwakhazika pansi Lamlungu tikachoka ku tchalitchi. Aphunzitsi, khoti lija lili ku Braamfontein kuja munthu wamba amaloledwa kulowa kukangomvera? Ndikufuna ndimutengeko akatseka sukulu.

Aphunzitsi_Akale:
Amaloledwa amayi, lili pa Constitution Hill pamene panali ndende ya Number Four. Mungoyamba mwafunsa tsiku limene kuli mlandu chifukwa sakhala tsiku lililonse.