Value stream mapping pa ntchito yopanga ma drone, ndiyambire pati?

Chisomo_Msasa:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndimagwira pa kakampani kena ku Msasa, timapanga ma drone opopera mankhwala m'minda. Abwana abwera ndi nkhani ya lean, yochotsa zotaya nthawi ndi chuma pa ntchito, ati tijambule value stream map, mapu a momwe ntchito imayendera, kuyambira pomwe kasitomala wanena zomwe akufuna mpaka drawing yasainidwa. Koma zonse ndawerengazi ndi za mufakitale ngati ku Toyota, zitsulo zikuyenda pa lamba, pomwe ife mu design office muno mulibe chitsulo choyenda, ndi ma file pa kompyuta basi. Ndiye ndijambule chani?

MalumeBanda:
Mphwanga kwa inu chomwe chimayenda ndi uthenga, ma requirement, ma drawing, zotsatira za test. Funso lakoli anthu a ndege anali nalo kalekale, ku yunivesite ya MIT ku America anayambitsa Lean Aircraft Initiative mu 1993 ndipo mu 2005 Hugh McManus analemba manyuwalo ya mapping ya product development yeniyeniyo. Usajambule kampani yonse, ungozunguzika mutu. Tenga change request (pempho losintha design) imodzi yomwe inatha kale, uilondole phazi ndi phazi, paliponse inaima mata kapepala pakhoma ulembepo manambala awiri, maola omwe munthu anaigwiradi ndi masiku omwe inangogona. Komwe ndinkagwira kale tinalondola bracket imodzi, ntchito yake inali ya masiku atatu koma inatha masabata 6, chifukwa wa stress analysis anali mmodzi yekha ndipo file inakhala mu email mwake osatsegulidwa, kenako inabwerera kawiri poti wojambula anagwiritsa ntchito revision yakale. Tsiku lomwe tinaziona pakhoma aliyense anangoti kukamwa yasa.

NaPhiri_Eng:
Amalume anena zoona koma achimwene musamale pamodzi apa. Anthu akangomva za muda, zija zotaya nthawi ndi chuma zisanu ndi ziwiri za Taiichi Ohno wa ku Toyota, amayamba kudula chilichonse chooneka chochedwetsa, mpaka ma review a design, PDR yoyambirira ndi CDR yochitika asanayambe kupanga, ati nzotaya nthawi. Ayi ndithu. Chinthu chouluka pamwamba pa anthu chitanyamula mankhwala sichamasewera, review ikhalepo, chofunika kudula ndi kudikira kuti review ichitike. Komanso kubwereza design sikuti konse nkoipa, ukayesa propeller nkupeza kuti ikunjenjemera waphunzirapo kanthu, zoipa nkubwereza chifukwa wina sanakuuze kuti batire asintha. Pa Boeing 777, yomwe inauluka koyamba mu 1994, anaika ojambula, a mufakitale ndi a makampani ogula ndegewo m'matimu amodzi kuti zolakwika zizioneka isanadulidwe aluminiyamu. Inunso pojambula mapuwo muitane wa ku workshop, amadziwa zambiri amene uja.

Chisomo_Msasa:
Zikomo amalume ndi achemwali. Ndalondola ya motor mount lero, maola 11 ogwira ntchito, masiku 23 onse pamodzi, ndipo 9 mwa amenewo imadikira siginecha ya abwana omwewo anatituma mapuwa. Masiku omwe magetsi anazima ndiwalembe ngati kudikira kapena akhale padera?

MalumeBanda:
Uwalembe padera ndi peni yofiira, amenewo siwungawakonze ndi mapu. Za siginechazo usakawauze pakamwa, uwatengere pakhomapo awerenge okha, kenako ufunse ngati ma change ang'onoang'ono angamasaine lead engineer iwo akachokapo.