Ndakakamira pa mphindi 55 mu 10K, ndingafike bwanji pa 50?

MayiWaLiwiro

Moni nonse othamanga anzanga. Ndine mayi wa zaka 36, ndimathamanga chifukwa chokonda basi. Nkhawa yanga ndi yakuti nthawi yanga pa mpikisano wa makilomita 10 yaima malo amodzi. Mipikisano yonse ya chaka chino ndamaliza pakati pa mphindi 55 ndi 56, yabwino kuposa zonse ndi 55:20. Pa makilomita 5 ndili ndi 26:10. Ndikufunitsitsa kumaliza 10K mphindi 50 zisanakwane, ndipo mpikisano umene ndikuukonzekera watsala miyezi itatu.

Ndimathamanga kanayi pa sabata, m'bandakucha ana asanadzuke. Njira yake ndi imodzimodzi, makilomita 7, ndipo wotchi imaonetsa pafupifupi 5:45 pa kilomita. Si kuti ndimachita ulesi ayi. Ndimafika pakhomo malaya ali chonyowa, ndikupuma wefuwefu, moti ndimayamba ndagwira m'maondo kaye ndisanatsegule chitseko. Tsiku lililonse ndimalimbana ndi nthawi ya dzulo lake. Poyamba ndinkaiposa ndithu, koma pano zakana.

Pa mpikisano nkhani yake ndi yomweyomweyo. Kilomita yoyamba ndimaimaliza mu 4:50, thupi lili pepuu. Ndikafika kilomita ya 7 miyendo imalemera, m'nthiti mumabaya, ndipo anthu amene ndinawapitirira koyambirira amayamba kundidutsa mmodzimmodzi. Makilomita awiri omaliza amandidyera mphindi zoposa 6 iliyonse.

Chinanso, masabata apitawa msongolo wakumanzere ukumapweteka cham'kati ndikangoyamba, koma thupi likatentha umasiya. Kodi ndiwonjezere masiku, ndiwonjezere liwiro, kapena ndi msinkhu wandipeza?

Mnyamata400

Achemwali, za msinkhuzo ziiwaleni. Eliud Kipchoge wa ku Kenya anathamanga marathon, mpikisano wa makilomita 42, mu 2:01:09 ku Berlin mu 2022 ali ndi zaka 37, ndipo pa nthawiyo palibe munthu amene anali atathamangapo marathon yovomerezeka mofulumira chonchi.

Ine ndikuona kuti miyendo yanu sinazolowere liwiro limene mukulifunalo. Mphindi 50 pa 10K ndiye kuti 5:00 pa kilomita, koma inu tsiku ndi tsiku mumaiphunzitsa 5:45. Pezani bwalo la mamita 400, kapena yezani msewu wafulati ndi wotchi yanu. Thamangani mamita 400 mu mphindi 2, pumulani mphindi imodzi ndi theka mukuyenda, bwerezani kakhumi. Muzichita kawiri pa sabata. Emil Zátopek ankakhalira ma 400 omwewa, ndipo mu 1952 pa masewera a Olimpiki ku Helsinki anatenga golide pa mamita 5,000, pa 10,000 ndi pa marathon pomwe. Ine kuthamanga kodukizadukiza kotereku, kumene timati ma interval, ndi kumene kunandichotsa pamene ndinakakamira.

MkuluWaMsewu

Mayi, ndawerenga zonse mwalembazi, ndipo mawu amene andigwira ndi akuti tsiku lililonse mumalimbana ndi nthawi ya dzulo lake. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Achimwene a Mnyamata400 sananame kuti liwiro likufunika, koma kusanjika ma 400 kawiri pa sabata pamwamba pa zimene mukuchita panopa, msongolo ukudandaula kale, ine sindingakulangizeni.

Taonani manambala anu omwe. Pa mpikisano mumathera 5:32 pa kilomita. Pokonzekera mumathera 5:45. Kusiyana kwake ndi masekondi 13 okha. Ndiye kuti kanayi pa sabata mumachita kampikisano kakang'ono panokha. Liwiro limenelo ndi lokwera kwambiri moti thupi silipeza mpata wochira, komanso ndi lotsika moti silikuphunzitsani kufulumira. Mumatopa mokwanira, koma phindu lake ndi lochepa.

Chimene chimamunyamula munthu pa makilomita 10 ndi mphamvu yogwiritsa ntchito mpweya, ndipo mphamvu imeneyi imamangidwa kwambiri ndi kuthamanga mofatsa kwa nthawi yaitali. Mtima umayamba kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, n'chifukwa chake othamanga akakhala phee mtima wawo umagunda pang'onopang'ono. Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timachuluka m'minofu. Ma mitochondria, tizigawo ta m'maselo timene timasandutsa chakudya ndi mpweya kukhala mphamvu, nawonso amachuluka. Zonsezi zimadalira kwambiri kuchuluka kwa nthawi imene mwakhala mukuthamanga, ndipo munthu amene amadzipanikiza tsiku lililonse sangathe kuwonjezera nthawiyo osavulala.

Si nzeru yatsopano. Arthur Lydiard, mphunzitsi wa ku New Zealand, ankathamangitsa anyamata ake makilomita pafupifupi 160 pa sabata m'miyezi yomanga maziko. Mmodzi mwa iwo anali Peter Snell, munthu wa mamita 800, mpikisano wosakwana n'komwe mphindi ziwiri. Pa Olimpiki, Snell anatenga golide pa 800 ku Rome mu 1960, kenaka pa 800 ndi 1,500 ku Tokyo mu 1964. Pambuyo pake Stephen Seiler, katswiri wofufuza za thupi amene amagwira ntchito ku Norway, anaona mmene akatswiri othamanga, opalasa njinga, opalasa bwato ndi otsetsereka pa chipale chofewa amakonzekerera. Anapeza kuti pa maulendo 10 aliwonse, pafupifupi 8 amakhala ofatsa, awiri okha ndi amene amakhala owawa. Ngati anthu amene amadyera kuthamanga amatero, ife ochita mokondafe tilibe chifukwa chodzipanikizira tsiku ndi tsiku.

Kufatsa kumene ndikunena ndi kuti? Kwa inu ndi pakati pa 6:30 ndi 7:00 pa kilomita. Koma musadalire wotchi yokha. Muyezo wabwino ndi pakamwa: ngati mungathe kumufotokozera mnzanu nkhani yonse ya kuntchito, ziganizo zathunthu, osadukiza kuti mukoke mpweya, ndiye kuti muli pabwino. Mukayamba kuyankha ndi mawu awiriawiri, mwapyola.

Masiku anu anayiwo ndi okwanira, musawonjezere. Awiri akhale ofatsa, makilomita 6 kapena 7. Limodzi likhale la ulendo wautali, lofatsanso. Yambirani pa makilomita 8, muziwonjezera imodzi pa sabata mpaka mufike 13 kapena 14, ndipo sabata yachinayi iliyonse muzibwerera m'mbuyo pang'ono kuti thupi lipume. Ulendo wautaliwu ndi umene udzachiritse vuto la kilomita ya 7 lija. Pakali pano simupyola makilomita 7 pokonzekera, ndiye si zodabwitsa kuti pa mpikisano miyendo imathera pomwepo.

Tsiku lachinayi ndilo lowawa, ndipo muliyambe msongolo ukapola. Sabata ina muzichita tempo: mphindi 10 mofatsa, kenaka mphindi 20 pa 5:30 kapena 5:35, liwiro limene munthu angaligwire pafupifupi ola lathunthu pa mpikisano, n'kumalizanso mofatsa. Sabata inayo muzichita kilomita imodziimodzi kanayi kapena kasanu pa 5:10 mpaka 5:15, n'kumapuma mphindi ziwiri kapena zitatu pakati mukuthamanga pang'onopang'ono. Ndimakonda makilomita kuposa ma 400 kwa munthu wa 10K, chifukwa pa 400 mumamaliza mtima usanakwere bwinobwino, pomwe pa kilomita mumakhala mphindi zingapo muli pomwe pakufunikapo. Mudzaona nokha kuti mukabwera ku tsiku lowawali ndi miyendo yopuma, liwiro limene panopa likuoneka lakutali limatheka.

Tsopano za mphindi 50. Peter Riegel anapanga kawerengedwe koyerekezera nthawi pa mitunda yosiyana, ndipo pochoka pa 5K kupita pa 10K mumangochulukitsa nthawi yanu ndi 2.085. Yanu ya 26:10 ikupereka pafupifupi 54:30, pafupi ndithu ndi pamene muli. Kuti mufike pa 50:00, 5K yanu iyenera kukhala cha m'ma 24:00. Kudula mphindi zoposa ziwiri pa 5K m'miyezi itatu n'kovuta kwa munthu amene wathamanga kale kwa nthawi. Ndikanakhala inu, mpikisano ukubwerawu ndikanafuna 53, ndipo 50 ndikanaisungira chaka chamawa. Ndikukhulupirira kuti mudzaifika.

NamwinoWothamanga

Ndikugwirizana ndi a MkuluWaMsewu, koma ine nkhawa yanga ili pa msongolowo, achemwali. Mtima ndi mapapo zimalimba msanga, pomwe mafupa ndi mitsempha zimatsalira m'mbuyo, ndiye munthu amamva kuti ali ndi mphamvu pamene fupa likuvutika.

Khalani pansi, yendetsani chala m'mphepete mwa fupalo cham'kati, kuchokera pa kakolo kukwera m'mwamba, mukudinikiza. Ngati ululu wafalikira pamalo otalika ngati chikhatho, ndipo umachepa mukatentha, kawirikawiri amakhala ma shin splints, ululu wa msongolo wobwera chifukwa choulemetsa mopyola muyezo. Amenewa amamva mukachepetsa liwiro ndi mtunda. Koma ngati pali malo amodzi oti mungawaphimbe ndi nsonga ya chala, opweteka kwambiri, kapena mukumva ululu poyenda, podumpha ndi mwendo umodzi, ngakhale usiku mutagona, siyiranitu kuthamanga mupite kuchipatala. Kungakhale kung'aluka kwa fupa, ndipo kumeneko kumatenga masabata 6 mpaka 8, nthawi zina kuposerapo. X-ray ya masiku oyambirira nthawi zambiri sionetsa kanthu, choncho muwafotokozere adokotala kuti ndinu wothamanga.

Limbitsani akatumba. Imani pa sitepe ndi zala zokha, kwezani zidendene, tsitsani pang'onopang'ono, ka 15, maulendo atatu, masiku awiri kapena atatu pa sabata. Zikayamba kuphweka muzichita ndi mwendo umodzi. Onaninso nsapato: zambiri zimakhala zitatha mphamvu pakati pa makilomita 500 ndi 800, ngakhale pamwamba zikuoneka zabwinobwino. Pa makilomita 28 pa sabata, miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana.

China chimene abambo sachiganizira kawirikawiri: ife amayi timataya ayironi mwezi ndi mwezi, ndipo ayironi ndi amene amathandiza magazi kunyamula mpweya. Ngati mukumatopa mosadziwika bwino, kuchita chizungulire kapena kubanika pa chitunda chimene kale munkakwera bwino, kayezetseni magazi, aone hemoglobin, imene imanyamula mpweya m'magazi, ndi ferritin, imene imasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi. Musagule mapilisi a ayironi musanayezetse, chifukwa akachuluka m'thupi amawononganso.

MayiWaLiwiro

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza. Anamwino, ndadinikiza monga munanenera, ululu ndi wofalikira, palibe malo amodzi obaya, ndipo kudumpha ndi mwendo umodzi sikukupweteka. Nsapatozo zapitirira chaka, ndisintha.

Bambo MkuluWaMsewu, lero ndayesa 6:50. Kunena zoona zinandivuta mumtima kuposa m'miyendo. Anthu amene ndimawadutsa masiku onse anandidutsa, wina mpaka anandifunsa ngati ndadwala. Koma ndinafika pakhomo ndikupuma bwinobwino, msongolo osamveka. Mantha anga ndi akuti, kodi miyendo siidzazolowera ulesi umenewu n'kuiwala kufulumira? Ndipo pa tsiku la mpikisano ndiyambe bwanji, poti 4:50 ija imangobwera yokha?

MkuluWaMsewu

Siidzaiwala, mayi, chifukwa tsiku lowawa lija lilipo sabata iliyonse. Ngati mukufunabe chitsimikizo, msongolo ukakhala bwino muziti mukamaliza ulendo wofatsa, muthamange mamita 80 kapena 100 kanayi kapena kasanu, mofulumira koma momasuka, mapewa ali pansi, nkhope yosakwinyika. Muzibwerera poyambira mukuyenda. Sizitopetsa, koma miyendo imakumbukira kusinthana msanga. Lipatseni nthawi thupi ndithu: masabata atatu oyamba mwina simudzaona kusintha, koma pofika sabata ya 6 kapena ya 8 mudzapeza kuti 6:30 ikukupumitsani ngati mmene 6:50 ikuchitira lero.

Za 4:50 ija, imabwera yokha chifukwa cha phuma la poyambira, khamu likukukokani ndiponso miyendo yapuma. Koma ndi liwiro loposa la 5K yanu ndi masekondi oposa 20, ndipo ngongole yake mumaibweza kuyambira kilomita ya 7. Kuthamanga si kufika. Kelvin Kiptum wa ku Kenya pothamanga marathon mu 2:00:35 ku Chicago mu 2023, theka loyamba anathera 1:00:48, lachiwiri 59:47. Anafulumira kumapeto.

Kukatsala masabata anayi, dziyeseni pa 5K ndi mphamvu zanu zonse. Mukapeza cha m'ma 25:25, ndiye kuti 53 yatheka. Zikatero, makilomita awiri oyamba mudzathamange 5:25, ngakhale aliyense akudutseni. Imani cham'mbuyo pang'ono pa mzere woyambira kuti khamu lisakutengeni. Kuyambira ya 3 mpaka ya 8 gwirani 5:18. Pa chikwangwani cha makilomita 8 wotchi idzakhala cha m'ma 42:40, ndipo awiri otsalawo akufunika 5:10 iliyonse, pamenepo tulutsani zonse zimene mwasunga. 5K ija ikadzatuluka 26:00, sinthani cholinga chikhale 54, kagawidwe kake n'komweko.

Sabata yomaliza dulani mtunda ndi theka, ulendo wautali ulekeni, tsiku lowawa likhale makilomita awiri okha pa liwiro la mpikisano, patatsala masiku anayi. Nsapato zatsopanozo mugule panopa kuti zidzakhale zitazolowera phazi. Mudzatiuze zotsatira za 5K ija, tidzawerengere limodzi.