Damu lathu tiikemo nsomba zanji?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Damu lija latha kukonzedwa, khoma lagwira ndipo madzi adzaza. Tsopano tiikemo chiyani? Pali bambo wina amene akufuna kutigulitsa mbewu ya nsomba, akuti ndi "chambo chokula msanga", chithunzi chake ndi icho ndatumizacho. Achimwene athu a ku Joni nawonso ali ndi maganizo awo.

Achimwene a ku Joni: Zikomo a Tcheya. Ine ndikuti tiikemo nsomba yachilendo yotchedwa black bass. Kuno anthu amalipira pageti kuti akawedze bass, akaigwira amajambulitsa n'kuibwezera m'madzi. Ikakodwa imalumpha, imalimbana ndi chingwe mpaka mkono kuwawa. Damu lingamatipatse ndalama osagulitsa nsomba ndi imodzi yomwe.

Msungichuma: Kugwira nsomba n'kuibwezera m'madzi? Alamu, mwakhalitsa kunjako. Ana kumudzi akufuna ndiwo.

Achimwene a ku Joni: Musandiseke alamu. Pa Zomba ndi ku Nyika kuli trout yomwe anabweretsa azungu nthawi ya atsamunda, mpaka lero alendo amapita kukawedza. Yachilendo yonse si yoipa.

Aphunzitsi: Trout ija imakhala kumapiri chifukwa imafuna madzi ozizira, ikatsikira kotentha imafa yokha. N'chifukwa chake sinafalikire. Bass ndi ina. Taonani kukamwa kwake, kumang'ambika mpaka kupitirira diso. Chakudya chake ndi nsomba zinzake, ndipo madzi ofunda ngati athuwa imaswana bwinobwino. Matemba a mu mtsinje wathu angathe osatsanzika.

Koma chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chithunzichi. A Tcheya, tachikulitsani pa mchira. Mukuiona mizere yakuda yodutsa mchira wonse kuchokera pamwamba kutsika pansi? Chizindikiro chimenecho ndi cha Nile tilapia, nsomba yachilendo yofanana ndi chambo. Makumba athu mukafuna kuwadziwa, werengani minga pa chipsepse cha pansi chakufupi ndi mchira: kawirikawiri imakhala inayi, pomwe anzake amakhala ndi itatu. Chilunguni sichivuta, pachifuwa pamakhala pofiirira ndipo chimadya masamba. Ya pa chithunziyi si makumba kapena chilunguni.

Mlembi: Komatu aphunzitsi, kukula msangako si bodza. Alimi a ku Zambia akulemera nayo imeneyi. Makumba amayamba kuswana akadali tating'ono, damu limadzaza tinsomba tosakwana m'dzanja. Ife tizingokhala osauka chifukwa cha ulemu kwa chambo?

Aphunzitsi: Kukula imakuladi mwanawe, sindikukana. Funso langa n'lakuti madzi a damu lathu akasefukira amapita kuti? Mu mtsinje, mtsinjewo n'kukathera ku nyanja. Nile tilapia ndi mtundu umodzi ndi chambo ndi makumba, imatha kukwerana nazo, ana ake n'kukhala osakanizika. Zikatero palibe ukonde umene ungazisiyanitsenso. Ku nyanja ya Kariba inathawa m'makhola a alimi ndipo tilapia ya komweko yatsala pang'ono kutheratu. Ku Lake Victoria anaikamo Nile perch, nsomba yaikulu yodya zinzake, m'zaka za m'ma 1950, pofika m'ma 1980 mitundu yambirimbiri ya nsomba zing'onozing'ono inali itasowa. Kuno kwathu boma lomwe linabweretsa nsomba yachilendo yotchedwa carp m'ma 1970, kenako linailetsa m'madera onse othira madzi mu nyanja ya Malawi. Lamulo la za nsomba la 1997 silikulola kuika nsomba zachilendo m'madzi popanda chilolezo.

Achimwene a ku Joni: Tingaike waya potulukira madzi.

Msungichuma: Waya? Mwaiwala Freddy mu 2023? Anakokolola milatho ya simenti, ndiye waya wanuyo aimitsa chiyani?

Amalume: Ndalowa mochedwa, netiweki inavuta. Mwana wa mlongo wanga, ngati ukufuna nsomba yolimbana ndi mbedza, mlamba wamkulu unayamba waukoka? Umatha kukugwetsera m'madzi. Ndipo ukufuna kuona masewera enieni, pita ku Bua nthawi imene mpasa ukukwera mtsinje kukaswana. Koma mlamba mu damu tisachite kuthira wambiri. Wochepa umathandiza, umadya tiana tochuluka tija amadandaula a Mlembi, otsalawo n'kukula bwino.

Mlembi: Apo ndiye ndamva. Ndiye makumba, chilunguni, ndi mlamba pang'ono? Madeya ndi manyowa a nkhuku tili nazo.

Achimwene a ku Joni: Ine za alendo olipira sindinazisiye. Mulembe mu maminitsi kuti ndakana.

Wapampando: Zilembedwa achimwene. Wogulitsa uja asapatsidwe ndalama iliyonse kaye. A Mlembi, mawa mutenge nsomba ziwiri mwa zakezo mupite nazo ku ofesi ya za nsomba ku boma akazione okha, ndipo mufunse ngati mbewu ya makumba tingaipeze ku malo a boma oswetsera nsomba ku Domasi. Nkhani ya oba ndi maneti a udzudzu usiku tikambirana Loweruka.

Msungichuma: Ndipo amene simunapereke ya mwezi uno, mbewuyo sidzabwera yaulere.