Kodi DDT wa m'minda ya thonje angayambitse khansa lero?

Mwana wa mlimi, Ngabu:
Bambo anga ankapopera mankhwala ophera tizilombo a DDT m'munda wa thonje osaphimba mphuno, wotsala n'kumusunga kudenga. Pano awapeza ndi khansa ya chiwindi. Papita zaka zambiri, komabe mankhwalawo angakhale ndiwo achititsa?

Namwino, Nsanje:
Pepani achimwene. DDT satha msanga. Amakhala zaka m'nthaka ndi m'mafuta a thupi, mpaka mu mkaka wa m'mawere. Mu 2015 bungwe lofufuza za khansa la IARC linati n'kutheka ndithu kuti amayambitsa khansa, ndipo ya chiwindi inatchulidwa. Koma awayezenso hepatitis B, matenda otupa chiwindi omwenso amayambitsa khansa imeneyi. Chuku cha mtedza ndi chimanga nachonso chimawononga chiwindi kwambiri.

Wophunzira, Nchalo:
Pa DNA, yomwe imasunga majini (malangizo a chibadwa) m'maselo athu, pamamatirira tizidutswa totchedwa methyl, timene timagoneka majini ena. Kafukufuku wa ku Greenland anapeza kuti anthu okhala ndi DDT wambiri m'magazi anali ndi methyl wochepa pa DNA yawo. Methyl akasokonekera, majini oyenera kugona amatha kudzuka, maselo n'kumachulukana mosalamulirika. Koma kunena motsimikiza kuti khansa ya bambowo yadza chifukwa cha DDT, palibe dokotala angatero.

Msodzi, Elephant Marsh:
Nanga milamba timadyayi? Madzi a m'minda amatsikira konkuno.

Namwino, Nsanje:
Mankhwala otere amaunjikana m'mafuta a nsomba, bambo, makamaka zikuluzikulu. Kuchuluka kwake n'kofunika kuyeza, maso sangaone.